Lonjezo Lopanda Nkhokwe: Zimene Zidaonekera Antchito a Mzinda wa Detroit

Pa 18 Julaye 2013, akuluakulu oyendetsa mzinda wa Detroit, m'chigawo cha Michigan ku America, adapita ku khoti kukavomera kuti mzindawo walephera kubweza ngongole zake. Ngongolezo zidali zokwana pafupifupi madola 18 biliyoni, ndipo m'mbiri yonse ya dzikolo kudali kusadachitikepo kuti mzinda waukulu chotere ugwe pa chuma. Amene adamva nkhaniyi ali kutali adayesa kuti ndalama zonsezo zidali za mabanki. Koma mabuku atatsegulidwa, kudapezeka kuti pafupifupi theka la ngongoleyo lidali la anthu wamba: apolisi, ozimitsa moto, oyendetsa mabasi, makalaliki ndi otola zinyalala amene adatumikira mzindawo kufikira tsitsi litachita imvi.

Mzinda udafika bwanji pokongola kwa antchito ake omwe? Funsoli likukhudza inu aŵerengi amene mwangomaliza sukulu ndipo muli kalikiliki kufunsira ntchito, likukhudzanso aphunzitsi amene mukuŵerenga zaka zotsala kuti mupume. Yankho lake lili m'buku limene anthu ambiri saliŵerenga chifukwa chodzaza ndi manambala, buku la bajeti, momwe khonsolo imalembamo ndalama zimene ikuyembekeza kutolera m'chaka ndi mmene idzazigaŵire.

Mtengo wa wantchito mmodzi

Khonsolo ya mzinda sigulitsa katundu monga ichitira fakitale. Chimene imapereka kwa anthu ndi ntchito: kulonda misewu usiku, kuzimitsa moto, kuchotsa zinyalala, kuyendetsa mabasi, kusamala madzi. Ntchito zonsezi zimafuna manja a anthu. N'chifukwa chake m'bajeti ya mzinda uliwonse gawo lalikulu la ndalama limathera pa antchito, ndipo ofesi yoona za antchito, ngakhale ikhale ya zipinda zoŵerengeka, ndiyo imagwira chingwe cha thumba lonse.

Polemba munthu mmodzi ntchito, mzinda wa ku America umasenza mitolo itatu. Mtolo woyamba ndi malipiro, amene aliyense amawaona. Wachiŵiri ndi inshuwalansi ya chipatala ya wantchitoyo ndi banja lake pamene akali pa ntchito. Mitolo iŵiriyi imalipiridwa chaka chomwecho, kotero kuti sibisika m'bajeti. Mtolo wachitatu ndi wa malonjezo: penshoni imene munthuyo adzalandira akadzapuma, pamodzi ndi chithandizo cha mankhwala pa ukalamba wake. Mtolo umenewu umamangidwa lero, koma kulemera kwake kumadzamveka patapita zaka 20 kapena 30.

Kuti timvetse chifukwa chake za chipatala zimaloŵa m'bajeti ya khonsolo, tiyenera kudziŵa kuti ku America kulibe dongosolo loti nzika iliyonse izilandira mankhwala aulere m'zipatala za boma. Pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse boma lidaletsa makampani kukweza malipiro mwachisawawa, tsono makampaniwo adayamba kukopa antchito powalipirira inshuwalansi ya chipatala. Chizoloŵezicho chidakhazikika, ndipo makhonsolo nawo adachitsata. Boma lidakhazikitsa thandizo la mankhwala kwa okalamba lotchedwa Medicare mu 1965, koma munthu amayamba kulilandira akakwanitsa zaka 65.

Tiyerekeze mnyamata amene waloŵa upolisi ali ndi zaka 25, nagwira ntchito zaka zina 25. Akupuma ali ndi zaka 50. Kwa zaka 15 Medicare simudziŵa, choncho mzinda ndiwo umulipirira inshuwalansi yonse, iye ndi mkazi wake. Akakhala ndi moyo kufikira zaka 80, mzindawo udzakhala utamusamala zaka 30 ali pakhomo, kuposa zaka zimene adavala yunifolomu. Izi si zolakwika mwa izo zokha, pakuti munthuyo adaika moyo wake pachiswe chifukwa cha anzake ndipo lonjezolo lidali mbali ya malipiro ake. Nkhani yagona pa funso lakuti ndalama za zaka 30 zimenezo zidzachokera kuti.

Njira zake zilipo ziŵiri. Yoyamba ndi yosunga pang'onopang'ono: chaka chilichonse chimene munthu wagwira ntchito, khonsolo imaika padera ndalama m'thumba lapadera, ndalamazo n'kumabereka phindu kufikira tsiku lopuma. Yachiŵiri ndi yodikira kuti bilu ifike ndiyeno n'kuilipira kuchokera pa misonkho ya chaka chimenecho. Pa penshoni, Detroit idali ndi matumba aŵiri osungiramo ndalama, lina la apolisi ndi ozimitsa moto, lina la antchito ena onse. Pa mankhwala a opuma pantchito, mzindawo udatsata njira yachiŵiri, ndipo m'nkhokwe mudalibe kanthu koti n'kutchula.

Masiku a mwanaalirenji

Malonjezo ameneŵa adaperekedwa mzinda uli pa ulemerero. Detroit ndiye adali likulu la magalimoto pa dziko lonse, kwawo kwa makampani a Ford, General Motors ndi Chrysler. Mu 1914 Henry Ford adadabwitsa dziko polonjeza antchito ake madola 5 pa tsiku, ndipo anthu adakhamukira kumeneko kuchokera ku Ulaya ndi ku zigawo za kummwera kwa America. Pa kalembera wa 1950 mumzindamo mudali anthu pafupifupi 1,850,000, ndipo udali wachisanu pa mizinda ikuluikulu ya dzikolo.

M'chaka chomwecho cha 1950, bungwe la antchito opanga magalimoto, lotsogozedwa ndi Walter Reuther, lidasainirana ndi General Motors pangano la zaka zisanu lopatsa antchito penshoni ndi thandizo la chipatala. Panganolo lidakhala muyeso wa ntchito yabwino m'dera lonselo. Khonsolo imene inkafuna anthu odalirika sikadachitira mwina koma kupereka zofananako.

Pali chinanso chimene chimachititsa atsogoleri a mizinda kukonda malonjezo a mtsogolo. Akakhala pa zokambirana ndi mabungwe a antchito, kukweza malipiro kumafuna ndalama za chaka chomwecho, ndipo ndalamazo zikasoŵa ndiye kuti akweze msonkho, chinthu chimene chimakwiyitsa anthu oponya voti. Kulonjeza mankhwala a pa ukalamba sikufuna ngakhale senti imodzi pa tsiku losainira. Antchito amatuluka m'chipindamo ali okondwa, okhoma msonkho saona kusintha kulikonse, ndipo mfumu ya mzinda imene yasaina idzakhala itachoka kalekale pa mpando bilu ikamadzafika. Akulu akale adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Kuno zidatembenuka, pakuti zodya akulu ndizo zidadzapota ana.

Kwa zaka zambiri malamulo a kalembedwe ka mabuku a chuma sadakakamize mizinda ya ku America kulemba mtolo umenewu ngati ngongole. Bungwe loona za malamulowo lidalamula mu 2004 kuti maboma a zigawo ndi makhonsolo ayambe kuŵerengera ndi kuonetsa poyera mtengo wa mankhwala a opuma pantchito. Mizinda yambiri idadzidzimuka itaona chiŵerengero chake kwa nthaŵi yoyamba.

Anthu adachoka, malonjezo adatsala

Njira yolipira bilu ikafika imayenda bwino pokhapokha okhoma msonkho akamachuluka. Ku Detroit zidayenda mobwerera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafakitale adayamba kusamukira kunja kwa mzinda ndi ku zigawo zina, makina nawo n'kumalanda ntchito za manja. Misewu ikuluikulu itamangidwa, mabanja opeza bwino, makamaka a azungu, adakamanga m'matauni ozungulira, kumene msonkho wawo unkapita ku makhonsolo ena. Zipolowe za mu Julaye 1967, zimene zidaphetsa anthu 43, zidafulumizitsa msamukowo. Pambuyo pake mabanja a anthu akuda opeza bwino nawonso adatsatira. Pofika 2010 mumzindamo mudatsala anthu 713,777.

Kukula kwa malo a mzinda sikudasinthe. Misewu yoti ikonzedwe, mipope ya madzi ndi nyale za mumsewu zidali zomwe zija, zomangidwira anthu pafupifupi mamiliyoni aŵiri. Khonsolo idayesa kukweza misonkho: msonkho wa nyumba udali umodzi mwa yokwera kwambiri m'dzikolo, padali msonkho wa pa malipiro kuyambira 1962, ndipo kuchokera mu 1999 nyumba za juga nazo zidayamba kukhoma. Komabe msonkho ukakwera anthu enanso ankachoka, otsalawo n'kukhala osauka kwambiri. Chuma cha dziko chitagwedezeka mu 2008, mitengo ya nyumba idagwa, ndipo mu 2009 General Motors ndi Chrysler nawo adakaima ku khoti atalephera ngongole zawo. Boma la Michigan lidachepetsanso ndalama zimene linkagaŵira mizinda yake.

Khonsolo idachotsa antchito ambirimbiri, ndipo mu 2012 idadula malipiro a otsalawo ndi 10 peresenti. Koma kuchotsa wantchito sikufafaniza lonjezo lopatsidwa kwa amene adapuma kale. Pofika 2013 mzindawo udali ndi antchito osakwana 10,000, pamene opuma pantchito adali oposa 20,000. Wantchito mmodzi aliyense adali ndi anthu aŵiri opuma kumbuyo kwake. Pa dola iliyonse imene khonsolo inkatolera, pafupifupi masenti 40 ankathera ku penshoni, ku mankhwala a opuma ndi ku ngongole zakale, ndipo oŵerengera adachenjeza kuti pofika 2017 adzakwana masenti 65.

Zotsatira zake zidaoneka mumsewu. Mwa nyale 10 zilizonse za mumsewu, pafupifupi zinayi sizinkayaka. Nyumba zosiyidwa zidali pafupifupi 78,000. Ambulansi zambiri zidali zakufa, ndipo munthu woitana apolisi ankadikira nthaŵi yaitali asadaone galimoto lawo.

Kukumba dzenje pofuna kukwirira lina

Matumba a penshoni nawo adali ndi mabala awo. Oyang'anira thumba la antchito wamba adali ndi chizoloŵezi chakuti chaka chimene malonda apindula kwambiri, phindu loposeralo ankaligaŵa, mbali ina n'kupita kwa opuma pantchito ngati cheke cha 13 pa chaka. Zidaoneka ngati chifundo. Koma thumba la penshoni limadalira zaka za zokolola zambiri kuti lidzapirire m'zaka za chilala, ndipo wogaŵa zotsala za chaka chabwino amakhala akudya mbewu.

Mu 2005 ndi 2006, pa ulamuliro wa meya Kwame Kilpatrick, mzindawo udabwereka madola oposa 1.4 biliyoni kuti utseke chibowo cha m'matumba a penshoni. Pamwamba pa ngongoleyo udachita mapangano ndi mabanki odziteteza ku kukwera kwa chiwongoladzanja. Chiwongoladzanjacho chidatsika kwambiri mu 2008, mapanganowo n'kusanduka msampha wodya mamiliyoni ambiri chaka ndi chaka. Kilpatrick mwini wake adaweruzidwa mu 2013 pa milandu ya katangale. Ngakhale zili choncho, kungakhale kudzinamiza kunena kuti munthu mmodzi ndiye adagwetsa mzinda, pakuti dzenjelo lidakumbidwa kwa zaka zoposa 50 ndi manja ambiri.

Mlandu wa nkhalamba

Mu Malichi 2013 bwanamkubwa wa Michigan, Rick Snyder, adasankha loya wotchedwa Kevyn Orr kuti ayendetse chuma cha mzindawo, ndi mphamvu zoposa za meya ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Ambiri mumzindamo adaipidwa nazo, nati voti yawo yapondedwa. Orr adaŵerengera kuti m'matumba a penshoni munkapereŵera madola 3.5 biliyoni, chiŵerengero chimene oyang'anira matumbawo ndi mabungwe a antchito adachitsutsa kuti n'chokokomeza. Ngongole ya mankhwala a opuma pantchito adaiika pa madola 5.7 biliyoni. Onani tsono: chinthu chimene kwa zaka zambiri sichinkaoneka n'komwe ngati ngongole chidaposa chibowo cha penshoni.

Opuma pantchito adali ndi chishango chimodzi. Malamulo aakulu a chigawo cha Michigan, a mu 1963, amaletsa kuchepetsa penshoni imene wantchito wa boma waigwirira kale ntchito. Koma pa 3 Disembala 2013 woweruza Steven Rhodes adagamula kuti mzinda ukaloŵa m'khoti la olephera ngongole, malamulo a dziko lonse ndiwo amalamulira, ndipo penshoni ikhoza kudulidwa monga pangano lina lililonse. Kunena za mankhwala, malamulo a chigawo aja sadawatchule n'komwe.

Tisaganize kuti anthu ameneŵa adali olemera. Penshoni ya wantchito wamba idali pafupifupi madola 19,000 pa chaka, ya wapolisi kapena wozimitsa moto pafupifupi madola 30,000, ndalama zosachuluka m'dziko limene zinthu n'zokwera mtengo. Komanso apolisi ndi ozimitsa moto a ku Detroit sadali m'dongosolo la penshoni ya boma lalikulu lotchedwa Social Security, choncho ambiri mwa iwo adalibe pena potsamira.

Chipulumutso chidachokera kumene anthu sankayembekeza. Mzindawo udali mwini wa nyumba yotchuka ya zithunzi, Detroit Institute of Arts, momwe muli ntchito za akatswiri monga Vincent van Gogh, Pieter Bruegel ndi Diego Rivera. Okongoza ndalama ankafuna kuti zithunzizo zigulitsidwe. Woweruza wina, Gerald Rosen, amene adali mkhalapakati, adapempha mabungwe achifundo kuti apereke ndalama zopulumutsira zithunzizo, ndipo ndalamazo zipite ku penshoni. Mabungwewo, kuphatikizapo Ford Foundation ndi Kresge Foundation, adalonjeza madola 366 miliyoni, nyumba ya zithunziyo madola 100 miliyoni, boma la Michigan n'kuikapo gawo lake, zonse pamodzi n'kukwana madola 816 miliyoni poŵerengera zaka 20. Zithunzizo zidachoka m'manja mwa khonsolo n'kukhala pansi pa bungwe loima palokha.

Opuma pantchito adaponya voti pakati pa chaka cha 2014, ndipo ambiri adavomera, podziŵa kuti akakana adzataya zoposa. Antchito wamba adadulidwa 4.5 peresenti ya penshoni yawo ndi kutayiratu ndalama zowonjezera zimene ankalandira chaka ndi chaka chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu. Ena adauzidwanso kubweza phindu limene khoti lidaona kuti adalandira mopyola. Apolisi ndi ozimitsa moto penshoni yawo sidadulidwe, koma zowonjezera za pachaka zidatsika kuchoka pa 2.25 kufika pa 1 peresenti.

Nkhwangwa yeniyeni idagwera pa mankhwala. M'malo mwa mabiliyoni aja, mzinda udapereka zikalata za ngongole za madola 450 miliyoni ku matumba aŵiri atsopano, n'kusamba m'manja. Pa dola iliyonse yolonjezedwa padatsala pafupifupi masenti 10. Ambiri mwa opuma amene adali asadakwane zaka 65 adayamba kulandira madola 125 pa mwezi kuti akadzigulire okha inshuwalansi, ndalama imene sikadakwanira kugula zofanana ndi zimene adataya. Woweruza Rhodes adavomereza dongosolo lonse pa 7 Novembala 2014, ndipo pa 10 Disembala mzindawo udatuluka m'khoti utapepukidwa ngongole za madola pafupifupi 7 biliyoni.

Apa m'pamene pali phunziro lalikulu la nkhaniyi. Penshoni idavulala pang'ono chifukwa idali ndi thumba lokhala ndi ndalama zenizeni, idali yotchulidwa m'malamulo, ndipo idapeza oimenyera nkhondo. Lonjezo la mankhwala lidalibe thumba ndipo lidalibe lamulo, choncho lidakokoloka pafupifupi lonse. Malonjezo aŵiriwo adaperekedwa kwa anthu omwewo ndi khonsolo yomweyo; chidawasiyanitsa ndi nkhokwe.

Mzinda utaphunzira

Khoti lidapatsa Detroit mpumulo wa zaka pafupifupi 10 wosalipira zambiri ku matumba akale a penshoni, kuti ndalamazo zikonzere mzinda. Pofika kumapeto kwa 2016 nyale zatsopano 65,000 zidali zitayaka m'misewu. Atsogoleri atsopano, meya Mike Duggan ndi makhansala ake, adadziŵa kuti mpumulowo udzatha. Mu 2017 adakhazikitsa thumba lapadera lotetezera opuma pantchito, n'kumaikamo ndalama chaka ndi chaka ngakhale padalibe wowakakamiza, ndipo pamene malipirowo ankayambiranso mu 2023 m'thumbamo mudali madola oposa 400 miliyoni. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu 2018 boma la Michigan lidaleka kuyang'anira bajeti ya mzindawo tsiku ndi tsiku, itatha zaka zitatu zotsatizana osapyola malire ake. Zimene nkhalamba zija zidataya pa mankhwala sizidabwerere momwe zidalili.

Kwa amene mudzakhale m'maofesi olemba bajeti, kaya a khonsolo, a sukulu kapena a mpingo, lamulo lotuluka m'nkhaniyi ndi losavuta kulinena ngakhale ndi lovuta kulisunga. Chilichonse cholonjezedwa kwa wantchito chifukwa cha ntchito ya chaka chino chilembedwe m'bajeti ya chaka chino, ndipo ndalama yake iikidwe padera chaka chino. Anthu amene alondedwa ndi wapolisi usiku wa lero ndiwo ayenera kulipira ukalamba wake. Ngati khonsolo ikuona kuti singathe kusunga ndalamayo lero, chimenecho n'chizindikiro chakuti lonjezolo laposa mphamvu zake, ndipo ndi bwino kunena zoona pa tebulo la zokambirana, wantchito akali ndi nyonga zofunira njira ina, kusiyana ndi kudzamuuza ali ndi zaka 70.

Kwa inu achinyamata amene mukulandira kalata yoyamba ya ntchito, maso amathamangira pa mzere wa malipiro a pamwezi, ndipo m'pomveka. Ŵerenganinso mizere ya m'munsi. Funsani kuti penshoni yolonjezedwayo ikusungidwa kuti, akuisunga ndani, ndiponso ngati olemba ntchito akutumizadi gawo lawo mwezi ndi mwezi. Funsani ngati thandizo la chipatala lidzapitirira mutapuma, ndipo ngati lidzatero, ndalama zake zili m'thumba liti. Kufunsa zotere si mwano. Aphunzitsi nawo angachite bwino kutengera nkhani ya Detroit m'kalasi pa phunziro la masamu: apatseni ana chiŵerengero cha anthu a mumzindawo mu 1950 ndi cha mu 2010, ndiponso cha antchito ndi cha opuma mu 2013, kuti aŵerengere okha mtolo umene udagwera wokhoma msonkho mmodzi aliyense wotsala.